Mayi wapakati adye chiyani? Tiope zoyenera kuopa

Mlamu wanga ali ndi pakati pa miyezi isanu. Tsiku lina nditapita kukawaona, ndinapeza mapiritsi ofiira a kuchipatala ali pawindo. Kapepala kake kanali kodzaza. Sanamwe ngakhale limodzi.

Ndinafunsa kuti, "Alamu, mapiritsi awa bwanji?"

Iwo anati, "Alamu, amenewo ndi mankhwala. Ndamva uthenga pa foni kuti mayi wapakati azidya zachilengedwe zokhazokha. Akuti chilichonse chimene athiramo mankhwala chimapweteka mwana."

Sindinayankhe msanga. Ndinayang'ana pamene amaphikira. Pa lichero panali tomato wa kumsika, wokhala ndi timadontho toyera ta mankhwala opopera. Mumphika wa ndiwo anali ataponyamo kale timibulu tiwiri ta caldo. Nsinjiro anasinja kuchokera ku mtedza wotsala, uja wofota ndi wakuda umene unakanika kugulitsidwa.

Mlamu wanga si wopusa. Amakonda mwana amene ali m'mimba, ndipo akufuna kumuteteza. Vuto ndi lakuti mantha ake anawaika pamalo olakwika. Chimene chikanamuthandiza anachisiya pawindo. Zimene zikanamupweteka anaziika mumphika.

Maganizo anga ndi awa. Mawu akuti "chachilengedwe" sateteza munthu. Mawu akuti "chowonjezera" sapha munthu. Mayi wapakati amatetezeka akadya chakudya choyera, chosawola ndi chamitundumitundu, komanso akalandira zowonjezera zimene thupi lake likusowa. Zambiri mwa zimenezi zili kale m'minda mwathu ndi pachipatala chathu. Sizifuna ndalama zambiri. Zimafuna kudziwa.

Kodi "orgânico" n'chiyani?

M'masitolo akuluakulu a ku Maputo, Beira ndi mumzinda wa Tete mungathe kuona mawu akuti "orgânico" pa zakudya zina. Tanthauzo lake ndi lakuti mbewuyo inalimidwa popanda feteleza wa kufakitale ndiponso popanda mankhwala ambiri opopera. Mawuwa amanena za kalimidwe. Sanena kuti chakudyacho chasungidwa bwino. Sanena kuti chatsukidwa. Sanenanso kuti chili ndi zonse zimene mayi wapakati akufuna.

Kulima kotereku kuli ndi ubwino wake. Zotsalira za mankhwala opopera zimachepa pa chakudya. Nthaka imasamalika. Mlimi sapuma mpweya wa poizoni. Koma kabichi wa "orgânico" ndi kabichi wamba sasiyana kwambiri pa mphamvu imene amapereka m'thupi. Chimene chimasiyana kwambiri ndi mtengo.

Tsono taganizani. Bonongwe amene amamera yekha kuseri kwa khola, anamupopera ndani? Chisoso, luni, denje, nkhwani, khwanya, kholowa ndi chigwada, ndani anazithira feteleza? Masau a ku Tete ndi malambe amabala okha m'tchire. Mango ndi magwafa a pakhomo sadziwa pampu yopopera. Zimene anthu a m'tauni amagula modula, ife timaziponda popita kumunda. Kenako timagulitsa nkhuku ndi mazira kuti tigule refresco ndi mabisiketi, n'kumati tamupatsa wodwala zabwino.

Choncho mayi wa ku Angónia, ku Macanga kapena ku Metangula asadandaule kuti alibe ndalama zogulira "orgânico". Dimba laling'ono pafupi ndi nyumba, lothira manyowa owola bwino, ndiye sitolo yake.

Zachilengedwe nazonso zimapha

Pali chinthu chimene uthenga wa pa foni uja sunanene. Poizoni wina woopsa kwambiri sachokera kufakitale. Amachokera m'chakudya chathu chomwechi, chikasamalidwa molakwika.

Anthu a ku Tete sadzaiwala zimene zinachitika ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, mu Januwale 2015. Anthu anamwa pombe pamaliro, ndipo 75 anamwalira. Poyamba mphekesera inali yakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Koma akatswiri atapima, anapeza kuti poizoniyo anachokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso timene tinamera mu ufa wa chimanga wowonongeka umene anafululira mowawo. Munalibe chowonjezera chilichonse cha kufakitale. 

Chitsanzo china ndi cha 1981, m'boma la Memba, m'chigawo cha Nampula. Kunali chilala. Anthu anadya chinangwa chowawa chosaviika ndi chosayanika mokwanira, chifukwa njala sinalole kudikira. Anthu oposa 1,000 anauma miyendo, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Kumeneko matendawa amawatcha mantakassa, ndipo amene walumala nawo sachira. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni wake wachibadwa. Amachoka chikasendedwa, kuviikidwa m'madzi masiku angapo ndi kuyanikidwa mpaka kuuma.

Koma mdani amene ali m'nyumba zambiri ndi chuku. Chimanga ndi mtedza zikasungidwa zisanaume, kapena zikanyowa m'nkhokwe, zimachita chuku. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxina. Poizoni ameneyu sapsa pamoto. Mungaphike, mungakazinge, amakhalabe. Amawononga chiwindi, ndipo akhoza kuyambitsa khansa ya chiwindi. Mayi akamudya, amafika kwa mwana m'mimba, ndipo amapezekanso mu mkaka wa m'mawere.

Apa ndi pamene timalakwitsa kwambiri. Mtedza wabwino timagulitsa. Wofota, wosweka ndi wakuda timausiya kuti ukhale wa nsinjiro. Chimanga chabwino chimapita kumsika, chowola chimapita kuchigayo. Ndiye kuti poizoni timamusankhira banja lathu. Ine ndikuti tisinthe. Pakhomo pamene pali mayi wapakati, mtedza woyamba kusankhidwa ukhale wake. Wowawa, wofota ndi wachuku utayidwe. Chimanga chiyanikidwe pa mphasa kapena pa thandala, osati pa dothi, mpaka chiume gwa. Matumba asagone pansi, akhale pa mitengo, kutali ndi khoma.

Palinso mankhwala azitsamba. Ambiri amati, "Ndi mizu chabe, ilibe vuto." Koma mizu ina imene amayi amapatsidwa kuti matenda ayambe msanga imakoka chiberekero mwamphamvu kwambiri. Palibe amene amadziwa mlingo wake. Chiberekero chikhoza kung'ambika, mwana akhoza kubanika. Azamba a kuchipatala amakumana ndi zimenezi. Mowa nawonso, kaya ndi pombe, kachasu kapena wa m'botolo, umadutsa kupita kwa mwana ndipo umawononga ubongo wake. Palibe mlingo wa mowa umene ndi wabwino kwa mayi wapakati. Kufulula kwa pakhomo sikuusandutsa mankhwala.

Zowonjezera zimene mayi akufunika

Tsopano tibwerere pawindo la mlamu wanga.

Mayi akakhala ndi pakati, magazi ake amayenera kuchuluka kuti akwanire anthu awiri. Kuti thupi lipange magazi limafuna ferro. Nsima ndi masamba okha kawirikawiri sizikwanitsa. Kafukufuku wa boma wa 2011 anapeza kuti amayi oposa theka m'dziko muno anali ndi magazi ochepa. Mayi wa magazi ochepa amatopa msanga, amachita chizungulire, mtima umagunda kwambiri. Akataya magazi pobereka, moyo wake umakhala pangozi. Mwana wake akhoza kubadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi.

Mapiritsi ofiira aja ndi sal ferroso pamodzi ndi ácido fólico. Amaperekedwa kusikelo, kumene pa Chipwitikizi timati consulta pré-natal. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, OMS, limalangiza kuti mayi wapakati azimwa tsiku lililonse. Ácido fólico amathandiza kuti msana ndi ubongo wa mwana ziumbike bwino. Zimenezi zimaumbika m'masiku 28 oyambirira, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima. N'chifukwa chake kubisa mimba mpaka ionekere kumatitayitsa zambiri. Mwezi ukangodumpha, pitani kusikelo. Mmera mpoyamba.

N'zoona kuti mapiritsiwa ena amawachititsa nseru. Chimbudzi chimada, ndipo ena amadzimbidwa. Kuda kwa chimbudzi si matenda. Ngati nseru yakula, imwani piritsi mutadya kapena pogona, ndipo kauzeni anamwino. Musangosiya. Musamwere tiyi, chifukwa tiyi amatsekereza ferro kulowa m'thupi. Zipatso monga malambe, masau, magwafa, malalanje ndi mango zimathandiza ferro kulowa bwino.

Ena amati mapiritsiwa amakulitsa mwana, ndiye mayi amavutika pobereka. Si zoona. Amene amavutika kwambiri pobereka ndi mayi wofooka, wopanda magazi.

Chowonjezera china chabwino ndi iodo wa mumchere. Iodo akasowa, khosi limatupa, matenda aja timati chithokomiro. Koma choopsa kwambiri sichioneka: ubongo wa mwana sukula mokwanira. Madera a kumapiri, kutali ndi nyanja yamchere, ndi amene amasowa iodo kawirikawiri. Pogula mchere, funani mawu akuti "sal iodado". Usungeni m'chitini chotseka, pouma, kutali ndi moto ndi dzuwa.

Mu 2016 boma la Moçambique linakhazikitsa lamulo, Decreto 9/2016, lokakamiza mafakitale kuwonjezera zofunika m'thupi mu zakudya zisanu: ufa wa chimanga, ufa wa tirigu, mafuta ophikira, shuga ndi mchere. Mu ufa amaikamo ferro ndi ácido fólico ndi zina. M'mafuta ndi mu shuga amaikamo vitamina A. Pa paketi pamalembedwa kuti "fortificado". Zimenezi ndi zowonjezera, inde. Koma anaziika dala kuti zititeteze. Amene akukuuzani kuti muzipewa chowonjezera chilichonse akukuuzani kuti mutaye ndi zimenezi zomwe.

Chimodzimodzi Fansidar amene mayi amamwera pamaso pa anamwino kuti apewe malungo, ndi neti yonyikidwa m'mankhwala. Malungo amatha magazi a mayi ndipo amachepetsa mwana m'mimba. Neti si ya kudimba kapena yophera usipa. Ndi ya mayi.

Zowonjezera zoyenera kuchepetsa

Sindikunena kuti zonse za m'sitolo n'zabwino. Ayi. Pali zimene mayi wapakati ayenera kuchepetsa kwambiri.

Choyamba ndi caldo. Kambulu kamodzi ka caldo mbali yake yaikulu ndi mchere. OMS imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi. Ife timathira caldo, kenako mchere, pa ndiwo zimene mwina ndi nsomba zouma za mchere kale. Mchere wochuluka umakweza kuthamanga kwa magazi. Ndipo caldo amanamiza lilime. Ndiwo zimamveka ngati nkhuku pamene nkhuku mulibe. Anyezi, tomato, adyo ndi nsinjiro zabwino zimakometsa ndiwo, ndiponso zimapatsa thupi kanthu.

Chachiwiri ndi refresco ndi timapaketi ta ufa wosungunula m'madzi tija ana amakonda. Pa paketi ajambulapo lalanje, koma m'kati mulibe lalanje. Muli shuga kapena zotsekemeretsa, utoto ndi fungo. Chitini chimodzi cha refresco wamba chimakhala ndi shuga wokwana timasupuni pafupifupi 8. Mayi akamwa amamva kukhuta, koma mwana sanalandire kanthu. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zakumwa zija amati zopatsa mphamvu, zolembedwa "bebida energética", zili ndi cafeína wambiri, ndipo zambiri zimalembedwa pachitini pomwepo kuti si za amayi apakati.

Chachitatu ndi soda kapena chidulo mu ndiwo zamasamba. Masamba amafewa msanga, koma mavitamini ena amafa. Therere la apo ndi apo si mlandu. Koma nkhwani ndi mpiru za tsiku ndi tsiku ziphikidwe ndi madzi ochepa, nthawi yochepa, popanda soda. Msuzi wake usatayidwe.

Kuipa kwa zinthu zimenezi si kwakuti zimapha tsiku lomwelo. Kuipa kwake n'kwakuti zimalanda malo ndi ndalama. Ndalama ya refresco ikanagula dzira. Ndalama ya mabisiketi ikanagula kamulu ka kapenta.

Mankhwala opopera: apa ndiye tichenjere

Ngati pali mankhwala oyenera kuwaopa, ndi awa. Ku Angónia ndi ku Tsangano timalima tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere zambiri, ndipo timapopera. Kuyambira 2017, pamene mbozi ya lagarta do funil inalowa m'dziko muno, ngakhale chimanga chimapoperedwa. Mlimi sangangoyang'ana mbewu zake zikutha. Koma mankhwala ali ndi malamulo ake.

Pa botolo lililonse lovomerezeka pamalembedwa "intervalo de segurança". Amenewa ndi masiku oyenera kudikira kuchokera tsiku lopopera kufika tsiku lokolola. Amene wapopera lero n'kuthyola mawa kuti akagulitse, akugulitsa poizoni. Mwina amene akagule ndi mlongo wake wapakati. M'munsi mwa pepala la pa botolo mumakhala mzere wa mtundu. Wofiira ndi woopsa kwambiri, kenako wachikasu, kenako wobiriwira. Ngakhale amene sanayambe kuwerenga angathe kuona mtundu.

Mankhwala a fodya ndi a thonje si a ndiwo zamasamba. Mankhwala ogulitsidwa m'timabotolo topanda pepala musagule, chifukwa simudziwa chimene chilimo kapena mlingo wake. Chigubu cha mankhwala chisasandulike chotungira madzi, chosungira mchere kapena mafuta, ngakhale mutachitsuka kangati. Mapiritsi ofukiza chimanga aja amatulutsa mpweya wakupha, ndipo sayenera kugwiritsidwa ntchito m'nyumba yogona anthu. Pali matumba osalowa mpweya amene amapha anankafumbwe popanda mankhwala. Funsani alangizi a zaulimi ku SDAE.

Koposa zonse, mayi wapakati kapena woyamwitsa asapopere. Asasakanize mankhwala. Asalowe m'munda umene wangopoperedwa kumene. Asachape zovala zopoperera. Mankhwalawa amalowera pakhungu ndi m'mphuno, osati pakamwa pokha. Abambo, ntchito imeneyi ndi yanu, ndipo zovala zanuzo muchape nokha, kutali ndi chitsime.

Zogula kumsika zitsukidwe ndi madzi oyera ambiri. Masamba akunja a kabichi atayidwe. Tomato wa madontho oyera atsukidwe bwinobwino kapena asendedwe. Kutsuka sikuchotsa mankhwala onse, koma kumachepetsa. Ndiwo za m'dimba la manyowa nazonso zitsukidwe, chifukwa ndowe zosawola zimanyamula tizilombo ta matenda otsegula m'mimba ndi njoka za m'mimba. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe Certeza. Mkaka uwiritsidwe. Nyama, nsomba ndi mazira zipse mpaka m'kati.

"Koma makolo athu sankamwa mapiritsi"

Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri, ndipo ndimawalemekeza. N'zoona kuti agogo athu ankadya bwino m'njira zambiri. Ankadya mgaiwa, mapira, mawere, nyemba, nandolo, mfutso, bowa, ngumbi ndi zipatso za m'tchire. Sankadziwa caldo. Pa zimenezi tiyenera kubwerera kwa iwo.

Koma tifunsenso agogo omwewo kuti anabereka ana angati, ndipo anakula angati. Tiwafunse za anzawo amene anapita pobereka. Tikumbukire makosi otupa amene ankaoneka m'midzi. Zakale zinali ndi nzeru, koma zinalinso ndi maliro ambiri. Titenge mbale ya agogo, tiwonjezepo piritsi la anamwino. Ziwirizi sizilimbana.

Ndipo si miyambo yonse imene imathandiza. Kwina amati mayi wapakati asadye mazira, mwana angabadwe wopanda tsitsi. Dzira silimeta mwana. Dzira limamanga thupi lake, ndipo ndi chakudya chotsika mtengo chimene chili pakhomo pomwepo. Kwina mayi amadya pomalizira, bambo ndi alendo atatenga nthuli zonse. Apongozi ndi anankungwi, mawu anu amamveka kuposa a wailesi. Mukanena kuti mpongozi wanu adye dzira, adya.

Amayi ena apakati amalakalaka dothi. Kawirikawiri chimenechi chimayenda pamodzi ndi kuchepa kwa magazi. Dothi likhoza kukhala ndi mazira a njoka za m'mimba, ndipo limatsekereza ferro. Musachite manyazi, kauzeni anamwino kuti akupimeni magazi.

Ena adzati, "Zonsezi n'zabwino, koma ife ndife osauka." Ndikudziwa. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale mabanja ambiri amadya kamodzi pa tsiku. Sindikunena kuti mayi azidya nyama tsiku lililonse. Ndikunena kuti pa zochepa zimene zilipo, iye ayambe. Ndikunenanso kuti tikonzekere. Nthawi ya dzinja tifutse masamba, tiwayanike pamthunzi kuti asataye mphamvu. Pokolola tisagulitse nyemba ndi mtedza wonse. Tisiye nkhuku ziwiri zoikira mazira a mayi.

Mbale ya mayi wapakati

Mbale yabwino ili ndi mitundu yambiri. Nsima ikhale ya mgaiwa pamene n'kotheka, chifukwa kukonola ndi kuviika chimanga kumachotsa zambiri zofunika. Pambali pake pakhale chomanga thupi: nyemba, nandolo, khobwe, soya, dzira, kapenta wa ku Cahora Bassa kapena usipa wa ku nyanja ya Niassa. Nsomba zing'onozing'ono zimadyedwa ndi minga yomwe, ndipo minga imeneyo imalimbitsa mafupa a mayi ndi mwana. Pakhale masamba obiriwira, otendera kapena othira mafuta pang'ono, chifukwa mafuta amathandiza vitamina A kulowa m'thupi. Pakhalenso chipatso cha nyengo imeneyo.

Mbatata yofiira m'kati, imene pa Chipwitikizi amati batata-doce de polpa alaranjada, ili ndi vitamina A wambiri. Mitundu yake yambiri yopirira chilala inapangidwa konkuno ku Moçambique. Mmodzi wa akatswiri amene anagwira ntchitoyi, Maria Andrade, analandira nawo mphoto ya dziko lonse ya chakudya mu 2016. Mbatata imeneyi safuna kuipopera kawirikawiri, ndipo masamba ake ndi ndiwo. Maungu, mapapaya ndi mango akupsa amagwira ntchito yofanana.

Mayi wapakati awonjezere kachakudya kamodzi pa tsiku pamwamba pa zimene amadya nthawi zonse. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata yophika kapena nthochi ndi mtedza wokazinga n'zokwanira.

Nkhani imeneyi si ya banja limodzi. Kafukufuku wa boma wa 2022 mpaka 2023 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu, 37 ndi opinimbira. Kupinimbira kumayambira m'mimba. Masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima kufika pamene mwana wakwanitsa zaka ziwiri, ndi amene amaumba thupi ndi nzeru za munthu. Zimene zatayika nthawi imeneyi zimavuta kubweza.

Kuwerenga kumateteza

Inu amene mukuphunzira kuwerenga muli ndi chida chimene ambiri alibe. Paketi iliyonse imalankhula, koma imalankhula ndi amene amawerenga. Phunzirani mawu awa, ndipo muwafune musanapereke ndalama:

Validade: tsiku limene chakudya chithere ntchito. Likadutsa, musagule.

Ingredientes: zimene zili m'kati. Chimene chalembedwa poyamba ndiye chochuluka. Ngati poyamba pali açúcar, mukugula shuga. Ngati pali sal, mukugula mchere.

Corante: utoto. Aroma: fungo. Conservante: choletsa kuwonongeka.

Iodado ndi fortificado: awonjezeramo zothandiza thupi.

Intervalo de segurança: masiku odikira musanakolole.

Kufunsa ndi ufulu wanu. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 92, amati wogula ali ndi ufulu wolandira katundu wabwino, wouzidwa zoona ndi wotetezedwa pa umoyo wake. Palinso lamulo loteteza ogula, Lei 22/2009. Mukapeza sitolo ikugulitsa zakudya zotha ntchito, mungathe kukanena ku ofesi ya SDAE ya m'boma lanu. Kumsika funsani wogulitsa kuti, "Tomatoyu munapopera liti?" Tikamafunsa ambiri, alimi adzayamba kuwerenga masiku. Safunsa anadya phula.

Uthenga wa pa foni nawonso muufunse. Wanena ndani? Akugulitsa chiyani? Nthawi zambiri uthenga woopseza umathera pa botolo limene wina akufuna mugule. Musanasiye piritsi kapena kuyamba mankhwala alionse, funsani anamwino kapena a APE a m'mudzi mwanu.

Tsiku lija ine ndi mlamu wanga tinakhala pamkeka. Tinathira mtedza pa lichero n'kuyamba kusankha. Wabwino unatsala wochepa, koma unakwana kutendera nkhwani. Achimwene anga atabwera ndinawauza kuti pampu yopopera ndi zovala zake zisalowenso m'manja mwa akazi awo. Anang'ung'udza pang'ono, koma anavomera. Madzulo mlamu anamwa piritsi lake loyamba, atadya, ndi madzi a malambe.

Pakhomo panu kapena pafupi nanu pali mayi wapakati. Lero lomwe kaoneni zinthu zitatu: mapiritsi ake akumwa kodi, mtedza ndi chimanga chimene akudya n'chouma ndi chosankhidwa kodi, ndipo akupopera kumunda ndani.